Lathe yoyamba ya matabwa: zimene ndimayang'ana ndisanatulutse ndalama

Munthu akandifunsa kuti agule lathe iti poyambira, makina aja ozunguza mtengo kuti uusemere ndi tchizulo, sindithamangira kumutchulira dzina la kampani. Ndimayamba ndamufunsa zimene akufuna kumasema, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Mwendo wa tebulo yodyera umatalika pafupifupi mamilimita 720. Wa stulu ndi 450. Mwendo wakumbuyo wa mpando, uja umakwera mpaka kotsamira msana, umafika 900 mwinanso kupitirira. Mbale yoikamo zipatso ndi yaifupi koma yotakata, mamilimita 250 kapena 300. Wofuna miyendo ayang'ane kutalika kwa makina. Wofuna mbale ayang'ane kulemera kwake ndi liwiro lake lotsikitsitsa. Makina otsika mtengo ochita zonse ziwiri bwino ndi osowa, ndipo ambiri amene ndawaona atalira ndi ndalama zawo anagula makina ooneka aakulu pachithunzi osafunsa kuti akulemera bwanji.

Pa chikalata cha makina alionse mupeza manambala awiri, monga 250 x 450, 305 x 900 kapena 350 x 1000. Yoyamba ndi kukula kwa mtengo umene ungazungulire osakhudza njanji za makina. Yachiwiri ndi mtunda wa pakati pa mutu, kumene kuli shafiti yozunguza mtengo, ndi mchira, umene umayenda pa njanji n'kukanikiza mtengowo kumapeto. Manambala onse awiri muziwachotserako. Nsonga ziwiri zogwira mtengo zimadya mamilimita pafupifupi 50 a kutalika. Chitsulo chonyamula potsamira tchizulo chikakhala pansi pa mtengo chimadyanso 50 kapena 70 a kukula. Ndiye makina olembedwa 450 sangakusemereni mwendo wa tebulo, ngakhale wa stulu sulowa.

Makina amene amakopa oyamba ambiri ndi aja aatali a 350 x 1000, opakidwa penti wowala, amene amagulitsidwa ndi mayina osiyanasiyana koma mapangidwe ake ndi amodzi. Njanji zake ndi mapaipi awiri kapena chitsulo chopyapyala chopinda, mota yake ndi ya mawati 350 kapena 400, ndipo munthu mmodzi amawanyamula osapempha thandizo. Liwiro lake ndi la mitundu inayi, lotsikitsitsa limakhala cha m'ma 800, ndiko kuti kuzungulira ka 800 pa mphindi. Ikanipo chipika chachiwisi cha mango cha mamilimita 250, chimene mbali ina ndi yolemera kuposa inzake, muyatse. Makina onse amayamba kuvina, benchi imayenda, masipanala amagwa pansi, ndipo tchizulo simungachigwire chilili chifukwa potsamira pake pakudumphadumpha. Zimitsani, mumange mchira mwamphamvu kuti chipika chisachoke: muona njanji zikupindika pang'ono ndipo mutu ukupenyera m'mwamba. Kupindika kumeneko ndi kumene kumasiya timizere tonga mafunde pa mwendo wautali, timene sandipepa sachotsa msanga. Woyamba amaganiza kuti dzanja lake ndiye lolakwa, amagwa mphwayi, makina n'kukhala pakona akudya dzimbiri. Makina amenewa amatha kusema timiyendo ta paini ta mamilimita 50 ngati mwawamanga ndi mabawuti pa benchi yolemera, koma kupitirira apo ayi. Ine sindilangiza munthu kuwagula, ngakhale mtengo wake utsike chotani.

Ngati ndalama zili zochepa, ndi bwino kugula makina aang'ono a 250 x 450 a cast iron, chitsulo cholemera choumbidwa m'chikombole. Amalemera makilogalamu 35 kapena 40 ngakhale ndi aafupi, ndipo kulemera kumeneko ndi kumene mukugula. Cast iron imameza kunjenjemera, sipindika mukamanga mchira, ndipo nsonga zake zimakumana bwino. Mota imakhala ya mawati 370, liwiro la mitundu isanu limene mumasintha posuntha lamba pa mapule. Pamenepa musema zogwirira za madilowa, zoikapo makandulo, mipini ya matchizulo, zokandira ufa wa buledi, timbale ta mamilimita 200, ndipo dzanja lanu liphunzira zoona. Ambiri mwa makinawa ali ndi mabowo kumapeto kwa njanji omangirapo njanji zowonjezera, zimene zimafikitsa kutalika pafupifupi mita imodzi. Funsani ngati zowonjezerazo zikupezeka musanagule, chifukwa za kampani ina sizilowa pa makina a kampani ina.

Kalipentala amene akufuna miyendo ya matebulo ndi mabedi kuyambira tsiku loyamba ayang'ane makina a 305 x 900 a cast iron, okhala ndi miyendo yawo ndi chogwirira chosinthira liwiro kutsogolo. Mota yake ndi ya mawati 550, liwiro limachokera pa 500 kufika 2000, ndipo onse pamodzi amalemera pafupifupi makilogalamu 80. Ndi makina abwino pa mtengo wake, koma ali ndi khalidwe lawo limene muyenera kulidziwa. Mapule ake ndi a magawo awiri amene amatseguka ndi kutsekeka, ndiye chogwirira chija chimasunthidwa pokhapokha mota ikuzungulira. Mukachikakamiza makina ali chiimire, pule imasweka, chifukwa ndi yachitsulo chofewa. Musanazimitse madzulo, bwezerani liwiro pansi, kuti mawa mukaikapo mtengo waukulu usadzayambe pa 2000. Mwezi ndi mwezi tsegulani chivindikiro, mupukute utuchi, mudontheze mafuta pang'ono pa shafiti pamene pule imatsetsereka. Ikauma imakakamira ndipo liwiro silisinthanso. Lamba wake amatha msanga kuposa wa makina ena, choncho lembani nambala yake mugule awiri. Miyendo yake ndi yachitsulo chopyapyala: ikani thabwa pansi pakati pa miyendoyo, musanjikepo matumba awiri a mchenga, muona kusiyana kwake nthawi yomweyo. Mutu wake umatembenuka kuti museme mbale cham'mbali, koma mukaubwezera muziyesa kaye ngati nsonga zikukumana musanaumange.

Palinso makina amene owotcherera athu amapanga, ndipo miyendo yambiri ya mabedi ndi mipando imene mumaiona m'mphepete mwa misewu inasemedwa pa makina otere. Sindiwanyoza ayi. Akapangidwa bwino amaposa aja a mapaipi. Koma mupite kwa wowotcherera muli ndi miyezo yanu, musamusiyire kuti aganize yekha. Njanji zikhale za channel, chitsulo chooneka ngati U, yochindikala, ya mamilimita 100 kapena kuposa, ziwiri zoyang'anizana, zowongoka. Shafiti ikhale ya mamilimita 25 kapena 30 pa mabering'i awiri a pillow block, aja okhala m'nyumba yawo yomanga ndi mabawuti; wa shafiti ya 25 nambala yake ndi UCP205, ndipo amapezeka m'masitolo a zipangizo za zigayo ndi magalimoto. Kumapeto kwa shafiti kukadulidwe mazinga kwa amene ali ndi lathe ya zitsulo, osati kungowotchererapo chifoloko chogwira mtengo, chifukwa mukatero simudzamangapo china chilichonse. Mota ikhale ya liwiro la 1400 kapena 1450, osati ya 2800 yonga ya pampu kapena galayinda. Kuwerengera kwake n'kosavuta: liwiro la mota kuchulukitsa ndi kukula kwa pule ya pa mota, kugawa ndi kukula kwa pule ya pa shafiti. Mota ya 1440 yokhala ndi pule ya mamilimita 50, ikukoka pule ya 150, ikupatsani 480. Mapule ofanana akupatsani 1440. Pezani mapule a masitepe atatu kapena anayi, ndipo lamba aphimbidwe. Vuto lalikulu la makina opangidwa chonchi ndi mchira: nthawi zambiri nsonga yake ndi bawuti yosongoka yosazungulira, imene imapsereza mtengo, bowo n'kukula, mtengo n'kuyamba kugwedera. Uzani wopangayo aike bering'i kuti nsonga izizungulira limodzi ndi mtengo.

Nkhani ya liwiro ndikhalepo pang'ono, chifukwa ogulitsa amanyadira liwiro lapamwamba pamene lofunika ndi lapansi. Lamulo limene osema ambiri amatsata ndi lakuti kukula kwa mtengo m'mainchi mukakuchulukitsa ndi liwiro, yankho likhale pakati pa 6000 ndi 9000. M'mamilimita ndi pakati pa 150,000 ndi 230,000. Mbale ya mamilimita 300 ndiye iyende pakati pa 500 ndi 750. Ya 200 iyende pakati pa 750 ndi 1100. Mwendo wa 75 utha kuyenda pa 2000. Izi ndi za mtengo wabwino, wopanda ming'alu, umene wayamba kale kubulungika. Chipika chongochokera ku sowo, cha ngodya zake, chimafuna liwiro lotsika kuposa apo. Tsono onani makina aja a 350 x 1000: chikalata chikuti mtengo wa mamilimita 350 ulowa, koma liwiro lotsikitsitsa ndi 800, pamene mtengo wotere sufuna kupitirira 650. Kukula kwalembedwako n'koona, koma simungakugwiritse ntchito popanda kuika nkhope yanu pachiswe. Mbale ikasweka pa liwiro lotere, chidutswa chimabwera ngati mwala wa pa legeni.

Makina osintha liwiro pongopotoza kabatani ndi okoma kugwiritsa ntchito, ena amatsika mpaka pansi pa 300, ndipo kwa wosema mbale ndi dalitso. Koma mkati mwake muli kabolodi ka magetsi, ndipo kumene magetsi amathimathima n'kubwera ndi mphamvu, kabolodi kameneka ndi kamene kamayamba kupsa. Kakapsa makina aima mpaka mutaitanitsa kena kunja. Makina a lamba ndi mapule ali ndi mota wamba imene wokonza mamota aliyense pa msika amaidziwa; ikamangong'ung'udza osazungulira, kawirikawiri ndi capacitor, kachitini kothandiza mota kuyamba kuzungulira, yafa, ndipo kusintha kwake ndi kwa mphindi zochepa. Pa chifukwa chimenechi woyamba wa kuno ndimamukankhira ku makina a lamba. Mukasankhabe a kabatani, muziwazula pa soketi mukamaliza ntchito ndiponso magetsi akangothima.

Yang'anani kachitsulo kolembedwa pa mota. Magetsi athu ndi a 230 V, 50 Hz, chimodzimodzi a ku South Africa ndi ku Britain, ndiye makina ochokera kumeneko amagwira ntchito kuno; a ku South Africa amangofuna kusintha pulagi. A ku America ndi a 110 kapena 120 V, 60 Hz: amafuna thiransifoma, ndipo ngakhale muipeze mota imayenda mochedwerapo n'kumatentha. Makina akale akuluakulu ochokera m'masukulu a ntchito zamanja ndi m'mafakitale nthawi zambiri ndi a three phase. Ndi olimba kwambiri, koma m'nyumba wamba sayaka pokhapokha musinthe mota kapena mugule VFD, kabokosi kosintha magetsi a m'nyumba kukhala a three phase, ndipo ndalama zimenezo muziwerengeretu. Switchi ikhale ya mtundu uja wa mabatani awiri, lobiriwira ndi lofiira, imene imadzizimitsa yokha magetsi akathima. Ichi si chokongoletsa. Magetsi akathima muli pakati pa ntchito, mumaiwala kuzimitsa, mumayamba kugwiragwira mtengo kapena kumasula chuck, chogwirira mtengo cha mano chomanga pa shafiti, ndiye magetsi abwere makina n'kuyaka okha dzanja lili pomwepo. Pa makina owotcherera, gulani switchi yotere padera muiike pafupi ndi dzanja lamanzere. Ngati mudalira jenereta, kumbukirani kuti mota poyaka imakoka mphamvu kangapo kuposa zolembedwa. Ya mawati 550 imafuna jenereta yosachepera 2 kVA. Waya wautali wowonda umafooketsa mota n'kuitenthetsa. Gwiritsani wa 2.5 mm².

Chinthu chimene oyamba sachiyang'ana konse ndi mazinga a pa shafiti ndi bowo la mkati mwake, koma ndi chimene chidzakuvutitseni pakatha miyezi itatu mukadzafuna chuck. Mazinga ofala ndi awiri: 1 inchi x 8 TPI (mazinga asanu ndi atatu pa inchi iliyonse), ndi M33 x 3.5. Makina akale a ku Britain, monga a Record Power aang'ono, ali ndi 3/4 inchi x 16 TPI, ndipo zomangira zake zimapezekabe. Makina aja a mapaipi amakonda kubwera ndi mazinga osawanda ngati M18, amene kupeza chuck yake ndi ntchito. Shafiti ya kumutu ndi ya kumchira zikhale ndi bowo lopita lichepa mkati, lotchedwa Morse taper. MT2 ndiyo yofala, MT1 ndi yaing'ono koma imagwira ntchito. Bowo limeneli ndi limene limakulolani kusintha nsonga, kapena kuika chogwira dirilo kumchira kuti muboole mtengo pakati penipeni. Makina opanda bowoli mudzakhala nawo momwe munawagulira mpaka kalekale.

Makina ogwiritsidwapo kale ntchito, a pa Facebook kapena kwa kalipentala amene akusiya, nthawi zambiri ndiwo amapindulitsa, chifukwa lathe ya cast iron ilibe zambiri zoti ziwonongeke. Koma musatumize ndalama musanawagwire ndi manja, kapena m'bale wanu amene mwamuuza zoyang'ana. Ikani nsonga kumutu ndi kumchira, mukankhe mchira mpaka nsongazo zitatsala pang'ono kukhudzana, mumange mchira, muwerame muyang'ane cham'mbali kenako cham'mwamba. Ziyenera kulozana ndendende. Njira ina ndi kuika rula yachitsulo yopyapyala pakati pake n'kukanikiza pang'ono: rula ikaima mowongoka zili bwino, ikapendekeka zasemphana, ndipo mbali imene yapendekera ikuuzani kumene kwalakwika. Kusemphana kwa cham'mbali nthawi zina kumakonzeka pomasula mutu n'kuwongola. Kwa m'mwamba ndi pansi, kukaposa milimita imodzi, asiyeni. Kenako gwirani shafiti muikoke m'mwamba ndi pansi, isamveke kugogoda. Chotsani lamba muizunguze ndi dzanja: ikamalira ngati muli mchenga, mabering'i atha, koma awo ndi otsika mtengo ndipo ndi chifukwa chabwino chonenerera. Yatsani makina kwa mphindi khumi, mugwire pamutu. Kufunda kulibe kanthu, kutentha koti dzanja silingakhalepo ndi vuto. Mangani mchira ndi chonyamula potsamira tchizulo, muzikankhe mwamphamvu. Zikatsetsereka zili zomanga, zidzatsetserekanso mtengo uli pa liwiro. Pomaliza pukutani utuchi pa chonyamulacho ndi pansi pa mchira mufufuze mng'alu. Dzimbiri la pamwamba pa njanji limachoka ndi sandipepa wosalala ndi palafini, koma cast iron yong'aluka ndi yovuta kuwotcherera ndipo siibwerera mwakale. Amene mukuitanitsa ku Johannesburg, onkhetsani mtengo wa makina, wa onyamula katundu ndi msonkho wa MRA pa chipata musanayerekeze ndi a m'sitolo ya kuno, ndipo muuze wolongedza achotse zogwirira zonse ndi switchi azikulunge padera, poti ndi zimene zimathyoka pa ulendo.

Tsopano ndalama. Zimene muli nazo musazithere pa makina. Ine ndimati theka ku lathe, theka ku zotsalazo, chifukwa lathe yokha siisema kanthu. Choyamba ndi galayinda ya pa benchi ya mamilimita 150 kapena 200, yokhala ndi mwala woyera wa giriti (nambala ya kukhakhala kwa mwala) 60 kapena 80. Mwala wotuwa umene umabwera ndi galayinda umatenthetsa chitsulo. Pa mtengo wouma wolimba munola pakangotha mphindi zochepa, ndiye galayinda ikhale pafupi, sitepe imodzi kuchokera pa makina. Matchizulo musagule bokosi la asanu ndi atatu otsika mtengo. Ambiri mwa iwo simudzawagwira, ndipo chitsulo chake chimabuntha msanga n'kufewa chikangoda pa galayinda. Gulani anayi olembedwa HSS, chitsulo chosafewa msanga ndi kutentha: roughing gouge ya mamilimita 19 kapena 25 yobulungitsira mtengo wa ngodya, spindle gouge ya 10 yokongoletsera, parting tool ya 3 kapena 4 yodulira ndi kuika miyezo, ndi skew ya 19 yosalalitsira. Roughing gouge inoleni pa madigiri 45, spindle gouge pa 35 kapena 40. Mukadzayamba mbale, onjezani bowl gouge ya 10 kapena 13, yonoledwa pa 50 mpaka 60. Ndipo apa mundimvetse bwino: roughing gouge isakhudze mbale. Kamchira kake kolowa mumpini n'kopyapyala, ndipo pa mbale mitsempha ya mtengo imabwera mopingasa kawiri pa kuzungulira kulikonse. Ikakodwa, chitsulo chimathyokera pampini n'kuulukira kwa inu. Ambiri amanola mafayilo akale kukhala matchizulo. Fayilo ndi yolimba koma yophweka kuthyoka ngati galasi, ndiye ikakodwa imaduka m'malo mopindika. Ndalama zikavuta, ndi bwino kuyamba ndi matchizulo awiri enieni.

Chuck ya mano anayi ya mamilimita 100 ndi yokwera mtengo, nthawi zina pafupifupi theka la makina aang'ono, ndipo sikuti muifune tsiku loyamba. Miyendo yonse imasemedwa pakati pa nsonga ziwiri. Mbale zoyamba mutha kuzimanga pa kambale kachitsulo kamene kamabwera ndi makina, ndi masikuluwu a matabwa ochindikala olowa mamilimita 20 kapena 25 mumtengo. Masikuluwu akuda aja a siling'i amathyoka, musawagwiritse ntchito pamenepa. Chimene simungachedwetse ndi chishango chophimba nkhope yonse. Magalasi a maso okha sateteza mano ndi chipumi. Onjezani chophimba mphuno chabwino, makamaka popala ndi sandipepa, chifukwa fumbi la mitengo yolimba monga phingo limayabwa pakhungu ndipo limakhala m'chifuwa. Malaya a manja aatali pindani, magolovesi musavale, ndipo popukuta mafuta pa mtengo wozungulira gwiritsani pepala, osati nsalu yokulunga pa chala.

Makina akafika, aikeni kuti pakati pa shafiti pakhale pofanana ndi chigongono chanu mutaimirira. Pakatsika msana upweteka, pakakwera tchizulo simuchilamulira. Benchi ikhale ya matabwa ochindikala, yomangidwa mopingasa kuti isagwedere, makina amangidwe ndi mabawuti anayi, ndipo miyendo yonse ikhudze pansi mofanana, chifukwa benchi yopotoka imapotoza njanji.

Pophunzira musayambe ndi mlombwa kapena mbawa. Ndi mitengo yokoma kusema koma yodula kuti muziiwononga. Muwanga ndi phingo zimabunthitsa tchizulo msanga ndipo zimafuna dzanja lozolowera. Bulugamu amang'aluka akamauma. Malaina ndi wofewa ndipo amadulika bwino, paini amapezeka paliponse ngakhale amakonda kuzuka mitsempha tchizulo chikabuntha, ndipo nthambi zaziwisi za mango kapena jakaranda zimatulutsa zipalo zazitali zimene zimakuonetsani msanga ngati mukudula kapena mukungokanda. Dulani zidutswa makumi awiri za 50 x 50 x 300. Lembani mizere iwiri kuchokera ngodya kufika ngodya kumapeto konse kuti mupeze pakati, khomerani nsonga ya kumutu ndi nyundo ya mtengo chidutswa chili pa benchi, osati pa makina, kuti musawononge mabering'i. Potsamira tchizulo pakhale mamilimita 5 kuchokera ku ngodya za mtengo, pansi pang'ono pa pakati pake. Zunguzani mtengo ndi dzanja kamodzi kuti muone ngati sukugunda paliponse, imani cham'mbali, muyatse pa liwiro la 1000 mpaka 1500. Tchizulo chiyambe chakhala pa chotsamira, mpini uli pansi, msana wa kunsonga kwake ukhudze mtengo osadula, kenako mukweze mpini pang'onopang'ono mpaka zipalo ziyambe kutuluka. Pakatha mphindi ziwiri zimitsani, mumangenso mchira, chifukwa nsonga zimakhala zalowa mumtengo ndipo wayamba kumasuka, musendezenso chotsamira pafupi, mupitirize.